Makomo Awiri, Khadi Limodzi

Kompyuta inaima Lachinayi m'mawa, tsiku lomwe mndandanda unayenera kupita ku Lusaka. Galimoto ya bungwe lathu inali yoti inyamuke 3 koloko masana, ndipo dalaivala anali atanenetsa kuti sadikira munthu, pakuti ankafuna kukafika ku Choma kusanade. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene mu Livingstone thukuta limayamba munthu asanavale n'komwe nsapato. Ndinadina batani loti pulogalamu iwerenge anthu, kompyuta n'kukhala chete kwa kanthawi, kenako n'kulavula mzere umodzi wa Chingelezi wonena kuti malo ake okumbukirira adzaza. Ndinaizimitsa, kuiyatsanso, kudinanso. Mzere womwewo unabweranso.

Zinali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndinkagwira ntchito ku bungwe lina la mpingo lomwe linkathandiza mabanja olera ana amasiye, ndipo masiku amenewo mabanja otere sanali osowa, chifukwa mlungu sunkatha popanda maliro. Ofesi yathu inali ya zipinda ziwiri kuseri kwa tchalitchi. Munali mayi wina wamkulu wa Chilozi amene ankatitsogolera, tonse tinkawatchula kuti ba madamu. Munali kalaliki wokalamba amene ankataipa ndi zala ziwiri osawerenga zomwe akutaipazo. Ndiye ine, amene ndinaphunzirako zolemba mapulogalamu ku Lusaka, ndipo ba madamu ankanditchula kuti ba kompyuta, ngati kuti ine ndi makinawo tinabadwa bere limodzi.

Chaka chimenecho tinkalemba anthu mwatsopano. Puloti iliyonse yokhala ndi ana amasiye inkayenera kulandira khadi limodzi, ndipo ufa, nyemba ndi mafuta zinkaperekedwa molingana ndi kuchuluka kwa anthu odya papulotipo. Pakhadipo pankalembedwa dzina limodzi, la mwini khomo. Makhadi ankasindikizidwa ku likulu ku Lusaka kuchokera pa disiketi yathu, n'kubwera Loweruka, ndipo Lamlungu mapemphero akatha mayina ankaitanidwa limodzilimodzi, mwini khomo n'kunyamuka kukalandira kutsogolo mpingo wonse ukuona. Disiketi ikanaphonya galimoto, anthu athu onse a ku Dambwa, dera la m'tauni lomwe tinkatumikira, akanadikira mwezi wina.

Kuwerenga anthu kumaoneka ngati ntchito ya mwana wa giredi wani mpaka utalowa mu Dambwa. Papuloti imodzi umapeza nkhalamba ndi mkazi wake m'nyumba yakutsogolo, mwana wawo wamkazi amene anabwerera mwamuna atamwalira akuphika yekha kumbuyo, ndipo mwanayo akusunganso mng'ono wa malemu, yemwe naye ali ndi mkazi ndi khanda. Khomo m'kati mwa khomo, nalonso lili ndi lina m'kati. Pulogalamu yanga yoyamba inali yodzaza ndi "ngati": ngati uyu ndi munthu chita chakuti, ngati ndi banja chita chakuti, ngati ndi banja la m'banja chita chakutichakuti. Mlungu uliwonse amayi a mpingo ankabwera ndi khomo la mtundu wina lomwe sindinaliganizire, ine n'kuwonjezera "ngati" wina, mpaka ndinayamba kuiopa pulogalamu yolemba ndekha.

Chomwe chinandiombola ndi mapepala a fotokope amene mnzanga wa ku koleji ananditumizira pa basi. Ankafotokoza kamangidwe kena ka pulogalamu kotchedwa kompoziti. Nzeru yake ndi yaing'ono moti ndinapsa mtima kuti sindinaiganize ndekha. Umapanga zinthu za mitundu iwiri, kwa ine zinali Munthu ndi Khomo, koma zonse umaziphunzitsa kuyankha funso limodzi m'njira imodzi. Funso langa linali lakuti, muli angati? Munthu ukamufunsa amayankha kuti mmodzi. Khomo ukalifunsa silidziwa palokha, ndiye limatembenukira kwa aliyense amene ali m'kati mwake, kumufunsa funso lomwelo, n'kuphatikiza mayankho. Wam'katiyo akakhala munthu ayankha kuti mmodzi, akakhala khomo lina nalonso lifunsa anthu ake. Wofunsa safunikira kudziwa ngati akulankhula ndi munthu mmodzi kapena ndi mtundu wonse. Ndinailemba m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa C++, "ngati" onse aja n'kuwataya, ndipo kwa milungu iwiri ndinkayenda m'tauni modzikuza ngati ndine ndinamanga mlatho wa kumathithi.

Pa fomu yathu ndinawonjezerapo mzere umodzi wakuti, makomo ena amene ali pansi panu. Munthu ankangotchula nambala ya puloti ndi kunena kuti kutsogolo, kumbuyo kapena pambali. Amayi a mpingo anayenda nawo mafomuwo khomo ndi khomo, kalaliki n'kuwataipa onse, ndipo Lachinayi lija linali tsiku loyamba kuwerenga onse pamodzi.

Kompyuta itakana kachitatu ndinauza pulogalamu kuti khomo lililonse likafunsidwa lizilemba nambala yake pa sikirini, kuti ndione pomwe ikugwera. Manambala anayenda bwinobwino, makomo mazana angapo, kenako sikirini inadzaza ndi mizere iwiri yokha yosinthanasinthana. Puloti yakuti, kutsogolo. Puloti yomweyo, kumbuyo. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, mofulumira moti maso sankatha kutsatira. Khomo lakutsogolo linkati lakumbuyo lili m'kati mwake, ndiye linkalifunsa kuti muli angati. Lakumbuyo nalonso linkati lakutsogolo lili m'kati mwake, ndiye linkabweza funso lomwelo. Palibe lomwe linkayankha, aliyense ankadikira mnzake, mpaka kompyuta kutheratu malo.

Ndinaimitsa sikirini n'kuwerenga nambalayo. Inali puloti yathu.

Ndinakatenga mafomu awiriwo mu kabati. Yoyamba anadzaza ndi bambo anga, ndi zilembo zawo zopendekeka za anthu a sukulu za mishoni: iwo, azakhali anga amene anali atafooka miyendo, ndi ana awiri a malemu mchimwene wanga. Pamzere wa makomo ena analemba kuti, kumbuyo. Yachiwiri anadzaza ndi amuna anga: iwo, ine ndi mwana wathu. Pamzere womwewo analemba kuti, kutsogolo, n'kudulanso mzere kunsi kwake. Mayi wina wa mpingo anapeza bambo m'mawa, wina anapeza amuna anga madzulo akutsuka takisi, ndipo palibe amene anandiuza.

Ba madamu anaima kumbuyo kwanga akudzipepesa mphepo ndi envulopu.

"Manje ni chani, ba kompyuta? Yafa?" anafunsa m'chiyankhulo cha m'tauni.

"Siinafe, ba madamu," ndinatero. "Pali puloti imodzi yasokoneza."

"Ya ndani?"

Ndinawapatsa mafomuwo. Anawerenga yoyamba, anawerenga yachiwiri, n'kuvula magalasi.

"So batate banu bakamba ati bamuna banu bali pansi pao. Bamuna banu naonso bakamba ati ba mdala bali pansi pao."

"Ni mwamene."

"Sungaiuze chabe kompyuta kuti ileke kuzunguluka?"

Ndikanatha, ndipo zikananditengera mphindi khumi zokha. Koma ndinawafotokozera kuti ndikangoletsa kuzungulirako osakonza mafomu, khomo lililonse lidziwerengera linzake, ndipo patuluka makhadi awiri, lililonse la anthu asanu ndi awiri, papuloti ya munthu amene analemba pulogalamuyo.

"Awe," anatero ba madamu motsitsa mawu. "Mvelani. Ine sinifuna kuziba vamunyumba yanu. Puloti imodzi, khadi imodzi, zina imodzi. Lamulo iyi munaibweletsa ni imwe. Ngati kuzachoka makhadi yabili, ba Lusaka bazakamba ati tikuba, ndipo bazayambila pali imwe. Yendani mukabafunse. Pa fifitini motoka iyenda, disiketi ilipo olo kulibe." Kuno fifitini ndiye 3 koloko masana.

Kwa kompyuta zinalibe kanthu kuti pamwamba pali ndani. Bambo akhale pamwamba, yankho ndi asanu ndi awiri. Amuna anga akhale pamwamba, asanu ndi awiri omwewo. Inkangofuna kuti wina avomere kukhala m'kati mwa mnzake.

Ndinakwera minibasi ya ku Dambwa 11 koloko itangokwana, ndipo inaima pa siteji iliyonse kondakitala akuitana anthu amene sankafuna kupita kulikonse. Ndinali ndi nthawi yokwanira yoganiza za amuna awiri amene ndinkapita kukawapempha chinthu chosatheka.

Bambo anabwera kuno ali mwana kuchokera ku Dowa, potsatira agogo amene anadzafuna ntchito masiku a atsamunda. Anagwira kunjanji moyo wawo wonse, ndipo ntchitoyo itatha anatsala ndi puloti, njinga ndi mpando wawo wa ukulu wa mpingo. Chichewa chawo sichinasakanizike ndi chilichonse ngakhale anakhala zaka zonsezo pakati pa Atonga ndi Alozi. Kwa iwo mwamuna wokhala kwawo kwa mkazi ndi mkamwini basi, kaya akhale ndi ndege.

Amuna anga kwawo ndi ku Simonga, mudzi wa kunja kwa tauni. Ankayendetsa takisi, kunyamula azungu kupita nawo ku mathithi ndi kuboda. Pondikwatira anapereka ng'ombe monga mwa mwambo wa kwawo, bambo n'kulandira ngakhale kuti si mwambo wathu, ndipo pamenepo mpomwe nkhani inasokonekera, chifukwa aliyense anatuluka pa ukwatipo akukhulupirira kuti mwambo wake ndi womwe watsatidwa. Tinalowa m'zipinda zakumbuyo tikuti ndi za chaka chimodzi, koma mchimwene wanga atamwalira sitinathenso kuchoka. Malipiro anga ankabwera mwezi womwe afuna. Thumba la ufa lomwe linkalowa m'nyumba zonse ziwiri linkatsika mu buti ya takisi.

Awiriwa sanakanganepo. Ankapatsana moni chapatali, mwaulemu wonse wa mpongozi ndi mkamwini, ndipo mawu alionse olemera ankadzera mwa ine. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakhala ndikunyamula mawu kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, ndikuwachotsa minga panjira.

Bambo ndinawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga, beseni la madzi lili pakati pa miyendo. Ndinagwada pambali, kuwapatsa moni, n'kufotokoza. Ndinayesa kuifotokoza ngati nkhani ya makina, yoti kompyuta ikungofuna mzere umodzi ufufutidwe.

Anamiza chubu m'madzi, kuyang'ana thovu, n'kuchitulutsa.

"Ndiye mkamwini walemba kuti ine ndili pansi pake."

"Sanatanthauze choncho, bambo."

"Analemba chiyani nanga?"

Anaika chubucho pabondo.

"Iwe mwana wanga," anatero, "puloti ino ndinaipeza ili tchire. Zipinda mukugonamozo, njerwa zake ndinaumba ndi manja awa, mayi ako akunditungira madzi. Mkamwini ndi munthu wabwino, sindimudandaula. Amatidyetsa, ndipo usaganize kuti sindidziwa. Ndikamadya ndimadziwa kuti ndikudya thukuta la ndani, mwina n'chifukwa chake masiku ano ndimakhuta msanga. Zonse wanditengera Mulungu, ntchito, mayi ako, mchimwene wako. Chatsala ndi chakuti anthu akamadutsa pamsewupa amati apa ndi pa akuluakulu aja. Ukufuna ndifufute chimenecho?"

"Ndi pepala chabe, bambo."

"Pepala? Lamlungu woimirira kutsogolo kupereka makhadiwo ndine. Abusa andiuza kale. Ndiye ukufuna ndidzatenge khadi la pakhomo panga, ndi manja anga, ndidzalipereke kwa mkamwini mpingo wonse ukuona?"

Zimenezo sindinkazidziwa. Ndinayang'ana wotchi, inali itadutsa 12 koloko. Bambo anabwerera ku chubu chawo, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yatha. Ndinawamvera chisoni, koma ndinapsanso nawo mtima, chifukwa ana awiri amene ufawo unali wawo ankasewera kuseri kwa nyumba ndipo mayina awo sanatuluke m'kamwa mwa munthu.

Amuna anga ndinawapeza pa renki ya matakisi m'tauni, atatsamira galimoto pamthunzi, akudya chimanga chootcha. Atandiona nthawi imeneyo ya ntchito anadzidzimuka, kuganiza kuti kwagwa maliro. Ndinawakokera pambali, kutali ndi madalaivala anzawo.

"Fomu ija," ndinatero, "munalemba kuti ba tate bali pansi panu."

"Nanga ni boza?"

"Naonso balemba kuti imwe muli pansi pao. Kompyuta yakana. Umodzi afunika achoke pamwamba."

Anaseka, koma kuseka kopanda mano.

"So wabwela kuli ine. Ku ba mdala wayenda kudala, bakana, manje wabwela kuli ine chifukwa ine ndine wapafupi kupinda."

"Ni bakulu. Sondo ni beve bazapeleka makhadi."

"Iwe, nindani aleta unga pa nyumba paja? Bana ba mulamu bakadwala, nindani abapeleka ku kiliniki? Ine nauka faivi, nabwela usiku, siniuzako munthu. Six years nili chabe mukamwini, mukamwini. Ng'ombe zinayenda, koma nikali mukamwini. Bakabwela balendo, bakamba ati uyu ni wamene ankhala kumbuyo, monga ndine lodja wolipila rendi."

"Niziba."

"Suziba. Mvela. Sinifuna ndeo na ba mdala, nibapasa ulemu. Koma Sondo ngati bazaitana zina yao, ine ninkhale pansi monga mwana wa sukulu, ninshi nachoka pa nyumba paja. Nizapeza rumu kwinangu. Iwe uzaona weka ngati ubwela olo usala."

Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinandiopsa. Amuna anga akakalipa zimatha madzulo, koma akalankhula motsitsa ndiye kuti aganiza kalekale. Azungu awiri a zikwama zikuluzikulu anafika akufunsa za kumathithi, iwo n'kuponya chitsononkho, kuwatsegulira chitseko akumwetulira, n'kunyamuka.

Ndinabwerera ku ofesi wapansi, dzuwa likuwotcha pamutu, 2 koloko itadutsa. Dalaivala anali atayamba kale kumanga katundu. Ba madamu anangondiyang'ana, ine n'kupukusa mutu, iwo n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma.

Ndinakhala pa kompyuta. Ndinaika bambo pamwamba, kuwerenga, asanu ndi awiri. M'maganizo ndinaona takisi ikutuluka pageti ndi matiresi padenga, ndi ana a mchimwene wanga akudalira khadi lokha. Ndinafufuta. Ndinaika amuna anga pamwamba, asanu ndi awiri. Ndinaona bambo ataimirira kutsogolo kwa mpingo womwe anautumikira kuyambira ndisanabadwe, khadi lili m'manja. Ndinafufutanso. Kalaliki ankatsokomola pakona, ndipo panja dalaivala analiza hutala kamodzi, kungotikumbutsa kuti alipo.

Kenako ndinaona njira, ndipo ndivomere kuti ndinasangalala nayo monga momwe wolemba mapulogalamu amasangalalira, osaganiza za anthu. Khomo limatha kusunga makomo. Ndinapanga khomo lachitatu, latsopano, n'kuika lakutsogolo ndi lakumbuyo m'kati mwake, moyandikana, popanda lina kukhala pansi pa linzake. Sindinasinthe ngakhale mzere umodzi wa pulogalamu. Kompoziti inalandira khomo latsopanolo ngati kuti inkaliyembekezera. Linafunsa kutsogolo, anayi. Linafunsa kumbuyo, atatu. Asanu ndi awiri.

Panatsala bokosi limodzi lopanda kanthu, la dzina la mwini khomo, ndipo pulogalamu sinkalola kulisiya. Ndinaganiza za azakhali, koma iwo sakanatha kuyenda kuchoka pa benchi kufika kutsogolo. Ndinadziuza kuti ine si munthu woti wina angachite naye mpikisano. Ndine mwana wa uyu, mkazi wa uyo, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndili pakati pomwepo. Dzina langa silingapweteke aliyense. Ndinalitaipa.

Pulinta inayamba kulira, Dambwa yense akutuluka tsamba ndi tsamba. Ba madamu anatsata ndi chala mpaka pa puloti yathu, n'kuima.

"Mwaganiza bwino, ba kompyuta?"

"Nthawi yasila, ba madamu."

Anasaina. Disiketi inalowa m'galimoto kutatsala mphindi zisanu.

Kunyumba sindinauze munthu, ndipo palibe amene anandifunsa. Aliyense ankakhulupirira kuti mwana wake, kapena mkazi wake, sangamuchititse manyazi. Loweruka bambo anapolisha nsapato zawo mpaka kuwala, akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi. Amuna anga, amene ankalowa m'tchalitchi pa maliro ndi pa ukwati pokha, anandiuza kuti ndiwasitire shati yoyera. Ndinasita shatiyo, ndinasitanso ya bambo.

Lamlungu tchalitchi chinadzaza kuposa masiku onse. Mapemphero atatha anaika tebulo kutsogolo, mlembi wa mpingo atanyamula mndandanda, bambo ataima pambali pake ndi mulu wa makhadi. Mlembi ankati, mwini khomo, n'kutchula dzina, munthu n'kunyamuka. Bambo ankapereka khadi lililonse ndi manja awiri, akuweramako pang'ono. Amayi amasiye angapo anaitanidwa, palibe amene anadabwa, pakuti makomo awo analibe mwamuna. Ine ndinkadziwa ndondomeko ya mndandandawo pamtima, ndipo ndinkawerenga mayina otsala. Khumi. Asanu. Ku mbali ya abambo ndinaona amuna anga akukonza kolala.

Mlembi anati, mwini khomo, n'kuima pang'ono, kuyandikitsa pepala kumaso, kenako anatchula dzina langa.

Kumbuyo kwanga mayi wina anayamba kuseka, mnzake n'kumugwira. Aliyense m'nyumba imeneyo ankadziwa kuti bambo anga ali moyo, pakuti anali ataima pomwepo, ndipo ankadziwa kuti ndili pabanja, pakuti amuna anga anali atadzuka kale theka pa benchi. Pamenepo mpomwe ndinamva chomwe ndinalemba. Ndinkaganiza kuti sindinaike aliyense pansi pa mnzake, ndipo zinali zoona, koma onse awiri ndinawaika pansi pa ine.

Ndinayenda m'kanjira ka pakati. Bambo anayang'ana khadilo, kuliwerenga, kulitembenuza ngati kumbuyo kwake kungakhale dzina lina. Nkhope yawo sinasinthe. Analigwira ndi manja awiri, kuwerama monga anachitira kwa ena onse, n'kundipatsa. Ndisanafike pamalo panga ndinamva takisi ikulira panja.

Amuna anga anabwera madzulo. Sanachoke pakhomo, chifukwa dzina la bambo silinaitanidwe ndipo iwo ndi munthu wosunga mawu ake monga anawanenera. Anangoti, "Wachenjela," n'kukhala milungu iwiri osandilankhula. Zimenezo ndinkaziyembekezera ndipo ndinazipirira. Ndi bambo ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo ndinali nditakonzeka kugwada ndi kupepesa.

Lolemba m'mawa ndikukonzekera kupita kuntchito ndinamva "odi" pakhomo lakumbuyo. Anali bambo, ataima patali pang'ono ndi chitseko, chipewa chili m'manja.

"Odi, eni khomo," anatero. "Ndimati ndipemphe. Nthambi ya mango ija ikukhula malata, ndiye ndimafuna ndiidule, ngati mungalole."

Ndinaseka, poganiza kuti akundinyogodola ndipo kukalipa kuja kwafika. Iwo sanaseke.

"Bambo, mtengowo ndi wanu. Munadzala nokha."

"Ayi," anatero mofatsa. "Ndamva dzulo pamodzi ndi mpingo wonse."

Ndinagwada pakhomo pomwepo. Ndinawauza kuti zinali za kompyuta, kuti nthawi inanditheratu, kuti mwezi wamawa ndisintha dzinalo ndipo ndi ntchito ya mphindi imodzi. Anamvetsera zonse mwaulemu, monga munthu amamvetsera mwini malo akamalankhula, ndipo nditamaliza anali chiimire, akudikira yankho la zomwe anafunsa. Misozi inali ikutsika, basi ya kuntchito inali ikundisiya, ndipo ndinaona kuti sachoka.

"Dulani, bambo," ndinatero.

Anawomba m'manja kuthokoza, kuvala chipewa, n'kupita kukatenga chikwanje. Anakhala ndi moyo zaka zina zinayi, ndipo pa zaka zimenezo sanadzale, sanadule, sanaitanepo mlendo papulotipo asanabwere kumbuyo kudzandipempha.